Kuyamba ndi kutha kwa pulogalamu ndi sesheni pa intaneti

Pulogalamu iliyonse ya pa intaneti, kaya ndi ya banki, ya sukulu kapena ya chipatala, ili ndi nthawi zinayi zimene framework yake ikhoza kuitana khodi ya wolemba pulogalamu popanda munthu kudina batani lililonse. Nthawizo ndi pamene pulogalamu ikudzuka pa seva, pamene munthu watsopano wafika n'kutsegulidwira sesheni, pamene sesheniyo yatha, ndi pamene pulogalamu yonse ikutsekedwa. Framework ndi khodi yokonzedwa kale, monga Django, Laravel, Spring, Ruby on Rails kapena ASP.NET, imene wolemba pulogalamu amamangapo ntchito yake, ndipo ndi iyo imene imaona kuti nthawi izi zakwana. Mabuku ambiri ophunzitsira amandandalika zochitika zinayizi pamodzi ngati kuti n'zodalirika mofanana: ziwiri zoyambira, ziwiri zomalizira. Koma sizofanana m'pang'ono pomwe. Zoyambira zimachitika ndithu, pakuti palibe pulogalamu imene ingagwire ntchito isanadzuke. Zomalizira zimachedwa, nthawi zina sizichitika n'komwe, ndipo m'ma framework angapo mulibe ngakhale malo ozilembera. Amene akulembera anthu a ku Mangochi pulogalamu, kumene magetsi ndi netiweki zimachoka osachenjeza, ayenera kudziwa kusiyana kumeneku asanalembe mzere woyamba.

Chifukwa chake pali sesheni

HTTP, njira imene browser ndi seva zimalankhulirana, inapangidwa ndi Tim Berners-Lee ku CERN pakati pa 1989 ndi 1991 kuti anthu aziitanitsa zolemba. Sikumbukira kanthu. Pempho lililonse limafika pa seva ngati loyamba, ndipo seva ikayankha imaiwala amene anafunsa. Powerenga nkhani zimenezi sizivuta, koma munthu akalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi, seva iyenera kumuzindikira pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu. Mu 1994 Lou Montulli wa ku Netscape anabweretsa cookie, kachidutswa ka mawu kamene seva imapatsa browser kuti izikabweza pa pempho lililonse. Malamulo ake analembedwa mu 1997 n'kukonzedwanso mu 2011 m'chikalata cha RFC 6265. Nthawi zambiri m'cookie mumangokhala nambala yaitali yosalotereka, ndipo seva imasunga mbali yake zonse zokhudza mwini nambalayo: ndi ndani, ali ndi chilolezo chochita chiyani, wafika pati podzaza fomu. Zosungidwazo pamodzi ndi nthawi imene zikhalepo ndizo sesheni.

Apa pali mfundo imene zonse zotsatira zatsamirapo. Pakati pa pempho limodzi ndi linzake nthawi zambiri palibe chingwe chimene chimakhala cholumikizidwa kwa nthawi yaitali. Seva siona munthu akuwerenga tsamba, siona akadzuka kupita kukamwa madzi, siona foni ikazima. Imangoona mapempho amene afika. Munthu akasiya kutumiza, seva ilibe njira yodziwira ngati akuganiza, ngati bandulo yatha, kapena ngati wapita kwawo. Zili ngati mlendo amene wachoka pakhomo osatsanzika: eni nyumba amazindikira mochedwa, ataona kuti mpando wakhala wopanda munthu nthawi yaitali. Choncho "kutha kwa sesheni" si chinthu chimene seva imaona chikuchitika. Ndi chigamulo chimene imapanga yokha nthawi yoikika ikadutsa.

Mmene ma framework amachitira

Kachitidwe ka zochitika zinayi kanatchuka ndi Active Server Pages ya Microsoft mu 1996, mmene munali fayilo ya global.asa yokhala ndi Application_OnStart, Session_OnStart, Session_OnEnd ndi Application_OnEnd. ASP.NET itabwera mu 2002 inapitiriza zomwezo mu Global.asax. Ku Java, malamulo a Servlet 2.3 a mu 2001 anabweretsa ServletContextListener womvetsera kudzuka ndi kutsekedwa kwa pulogalamu, ndi HttpSessionListener womvetsera kupangidwa ndi kufafanizidwa kwa sesheni. ColdFusion inatsatira mu 2005 ndi Application.cfc. Maina ndi osiyana, koma ganizo ndi limodzi.

Tikayang'anitsitsa zimene zimachitikadi pomaliza, umboni umaloza mbali imodzi. Mu ASP.NET sesheni imatha pakapita mphindi 20 popanda pempho, ndipo Session_End imaitanidwa pokhapokha ngati masesheni akusungidwa m'memori ya pulogalamuyo. Mukangowasamutsira ku SQL Server kapena ku seva ina yosungira masesheni, zimene mapulogalamu ambiri aakulu amachita, chochitikacho chimaleka kuitanidwa ndipo palibe uthenga wochenjeza. Microsoft italemba ASP.NET Core mu 2016 inachisiyiratu. Tomcat, imene imayendetsa mapulogalamu ambiri a Java, imapatsa sesheni mphindi 30, ndipo ili ndi kantchito kakumbuyo kamene kamayendera masesheni pafupifupi kamodzi pa mphindi kuti kachotse otha. Imeneyi ndiyo yokhulupirika kwambiri pa gululi, komabe imadalira kuti seva ikhale yoyaka pa nthawiyo. PHP imaona sesheni ngati yotha pakadutsa masekondi 1,440, koma kusesa kwake n'kwa maere: mwa chikhazikitso chake choyambirira, pafupifupi pempho limodzi pa 100 aliwonse ndi limene limayambitsa kusesako, kotero pa tsamba lochezeredwa pang'ono sesheni yakufa ikhoza kukhala maola ambiri. Laravel imapereka mphindi 120 ndipo nayo imasesa mwa maere. Django imalola cookie ya sesheni kukhala masabata awiri, imalengeza munthu akalowa ndi akadina batani lotulukira, koma ilibe chochitika chilichonse cha sesheni yongotha yokha. Mizere yakale imakhalabe m'database mpaka woyang'anira atayendetsa lamulo la clearsessions. Rails kuyambira 2007 imasunga sesheni yonse m'cookie ya munthuyo, choncho pa seva palibe n'chinthu choti chithe.

Kutsekedwa kwa pulogalamu yonse kulinso chimodzimodzi. Pa Linux, woyang'anira akafuna kuimitsa pulogalamu mwadongosolo amatumiza chizindikiro cha SIGTERM, ndipo framework imapeza mpata womaliza mapempho amene ali pakati, kutseka malumikizano a database ndi kuitana khodi yotsekera. Koma palinso SIGKILL, imene pulogalamu singaimve kapena kuikana. Linux imaigwiritsa ntchito memori ikatheratu, ndipo Kubernetes, yoyang'anira mapulogalamu pa maseva ambiri, imaitumiza pakapita masekondi 30 ngati pulogalamu ikuzengereza kutseka. Magetsi akazima, ngakhale chizindikirocho palibe. Mbali ya browser nayonso siithandiza: pali chochitika cha unload chimene kale anthu ankachidalira kuti chiwauze tsamba likamatsekedwa, koma pa foni ya Android tsamba limene lili kumbuyo limaphedwa mwakachetechete memori ikachepa, ndipo opanga Chrome eni ake amalangiza kuti chisadaliridwe.

Zoyambira zili ndi vuto lake, koma ndi la mtundu wina. Sizisowa, zimachuluka. IIS, imene imayendetsa mapulogalamu a ASP.NET, imagoneka pulogalamu ikakhala mphindi 20 osalandira pempho, ndipo imaidzutsanso mwatsopano pa mphindi 1,740 zilizonse, kutanthauza maola 29, choncho Application_Start ikhoza kuitanidwa kangapo tsiku limodzi. Gunicorn ndi Puma zimayendetsa makope angapo a pulogalamu imodzi, ndipo kope lililonse likhoza kudzuka palokha. Olemba Django, amene mu 2014 anawonjezera ready() yoitanidwa pulogalamu ikamadzuka, amachenjeza kuti musamagwire database mmenemo. Chochitika chimene chimabwera kawiri n'chosavuta kuchiweta: mumalemba khodi yoti ikayendetsedwa kachiwiri isawononge kanthu. Chimene sichibwera n'komwe palibe mmene mungachiwetere.

Ku Mangochi

Boma la Mangochi, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, lili pamalo pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malawi, m'dera la Mfumu Yaikulu Mponda, n'kulowa m'nyanja ya Malombe. Madzi omwewo ndi amene amakazunguza makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino. Nyanja itatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, kuthimathima kunafika maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo makinawo sanabwerere mpaka 2023. Kwa wolemba pulogalamu, izi zikutanthauza kuti kuzima mwadzidzidzi si ngozi yapatalipatali yoti n'kuiika kumapeto kwa mndandanda. Ndi imodzi mwa njira zamasiku onse zimene kompyuta, rauta kapena nsanja ya netiweki imalekera kugwira ntchito.

Mapulogalamu awiri a zaumoyo akuonetsa bwino nkhaniyi. Yoyamba ndi DHIS2, imene imalembedwa motsogozedwa ndi University of Oslo, ndipo Unduna wa Zaumoyo unaiyamba m'maboma onse mu 2012 m'malo mwa DHIS yakale imene inkaikidwa pa kompyuta iliyonse payokha. Ndi ya Java, imayenda pa Tomcat, imasunga deta mu PostgreSQL, ndipo sesheni yake mwa chikhazikitso imatha pakapita masekondi 3,600. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala monga za ku Namwera, Makanjira, Koche ndi Monkey Bay amathera mmenemo. Chofunika kuona ndi mmene tsamba lake lolowetsera manambala linapangidwira. Kalaliki akalemba nambala ya ana amene alandira katemera n'kusuntha kupita pa bokosi lotsatira, nambalayo imatumizidwa nthawi yomweyo, ndipo bokosilo limasanduka lobiriwira kusonyeza kuti yasungidwa. Netiweki ikachoka, browser imasunga manambalawo pa kompyutapo, ndipo ikabwerera tsamba limamuuza kuti pali deta yoti ikwezedwe. Sipadikira kuti fomu yonse ithe, sipadikiranso kuti sesheni ithe. Magetsi akazima ali pa bokosi la makumi anayi, mabokosi 39 apitawo ali bwinobwino. Pulogalamu ya pa foni ya DHIS2 ya Android, imene inatuluka mu 2018, inapititsa patsogolo ganizo lomwelo posunga zonse m'foni n'kumazigwirizanitsa ndi seva netiweki ikapezeka.

Yachiwiri ndi pulogalamu yosungira mbiri ya odwala imene Baobab Health Trust inayamba. Ntchito ya bungweli inayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, ndipo mu 2006 pulogalamu yake ya makiliniki a ma ARV inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth Central ku Blantyre isanafalikire m'maboma. Inalembedwa ndi Ruby on Rails, ndipo mu 2019 ntchito yoisamalira inapita m'manja mwa bungwe la EGPAF mogwirizana ndi unduna. Amisiri a Baobab analimbana ndi vutoli kuchokera mbali ya zipangizo: seva yaing'ono pa chipatala pomwepo, masikirini okhudza ndi chala osadya magetsi ambiri, ndi mabatire otha kunyamula zonse kwa maola ambiri ESCOM ikachoka. Njira ziwirizi sizitsutsana. Ina ikuchepetsa kuzima, ina ikuchepetsa zimene zimatayika kuzimako kukachitika. Koma mabatire amakalamba, ndipo ndalama yogulira atsopano siipezeka nthawi zonse, pamene khodi yolembedwa bwino siikalamba mwa njira imeneyo.

Ngakhale amene sanagwirepo kompyuta amaidziwa sesheni kudzera pa ndalama za pa foni. Wogula usipa pa doko akaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, amatsegula sesheni ya USSD, imene imakhala nthawi yochepa kwambiri. Akachedwa kupeza nambala ya wogulitsa, menyu imatsekeka n'kuyambiranso. Kumbuyo kwa menyu zoterezi nthawi zambiri kumakhala pulogalamu wamba ya pa intaneti imene imalandira sitepe iliyonse ngati pempho lapalokha lokhala ndi nambala ya sesheni. Funso lalikulu ndi lakuti: sesheni ikaduka munthu atangolemba PIN, ndalama zapita kapena ayi? Yankho lolondola silingadalire kuti sesheni yatha bwanji. Ndalama zimasuntha mkati mwa database m'njira yoti zonse zichitike kapena pasachitike chilichonse, ndipo umboni umabwera pa SMS yokhala ndi nambala ya kutumizako, osati pa menyu.

Zimene zimaonongeka, ndi makonzedwe ake

Zolakwika zobwera chifukwa chodalira mapeto n'zodziwika, ndipo zimabwerezedwa m'mabuku a ophunzira. Chofala kwambiri ndi kuwerenga anthu amene ali pa tsamba: kuwonjezera imodzi sesheni ikayamba ndi kuchotsa imodzi ikatha. Nambalayo imakwera msanga, pakuti ngakhale maloboti a Google amatsegulitsa masesheni, ndipo imatsika mochedwa kapena osatsika. Chimenecho n'chongochititsa manyazi. Choopsa ndi loko. Tiyerekeze kuti pulogalamu ya pachipatala imatseka mbiri ya wodwala namwino mmodzi akaitsegula, kuti awiri asasinthe nthawi imodzi, n'kumadikira kutha kwa sesheni kuti itsegule lokoyo. Seva ikazima namwinoyo ali pakati, lokoyo imatsala m'database, ndipo mawa wodwalayo akafika mbiri yake ikuoneka kuti ili m'manja mwa munthu amene anaweruka dzulo. Mzere uli panja, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, ndipo wothandiza za makompyuta ali kutali. Choopsa china ndi kusunga fomu yaitali m'sesheni kuti idzalembedwe m'database pomaliza. Woyang'anira za usodzi amene wakhala ola lathunthu akulowetsa nsomba zimene zatsitsidwa pa madoko angapo akhoza kutaya zonse chifukwa cha kuphethira kumodzi kwa magetsi.

Makonzedwe ake ali m'mfundo zitatu zolumikizana. Chilichonse chamtengo chilembedwe m'database pa pempho lomwe chabwera, kotero kuti m'sesheni mungotsala zinthu zoti zikatayika munthu angolowanso. Chilichonse chogwiridwa kwa kanthawi, monga loko kapena malo osungidwira munthu, chikhale ndi nthawi yake yothera yolembedwa pambali pake, kuti aliyense wodzachipeza itadutsa adziwe kuti n'chomasuka, popanda kudikira wina kudzachimasula. Ndipo ntchito yokonza zotsalira isamutsidwe kuchoka pa kutseka kupita pa kudzuka ndi pa kantchito koyenda nthawi ndi nthawi: pulogalamu ikamadzuka ifunse kuti ndi ntchito ziti zinatsala pakati, ndi mafayilo ati osakhalitsa amene sanafufutidwe, ndi malipiro ati amene sanatsimikizidwe. Kuwerenga anthu amene ali pa tsamba kumasanduka funso losavuta kwa database, loti ndi angati atumiza pempho m'mphindi zisanu zapitazi.

Ganizo ili si latsopano, ndipo ma database eni ake akhala akuyenda motere kwa zaka zambiri. PostgreSQL ndi InnoDB ya MySQL zimayamba zalemba chimene zikufuna kusintha m'kaundula wa pa disiki zisanasinthe deta yeniyeniyo, ndipo zikadzuka pambuyo pozima mwadzidzidzi zimawerenga kaundulayo n'kumaliza kapena kubweza zimene zinatsala. Mu 2003 George Candea ndi Armando Fox a ku Stanford analemba pepala lotchedwa Crash-Only Software, lonena kuti pulogalamu ikhale ndi njira imodzi yokha yoimira, kugwa, ndi njira imodzi yokha yoyambira, kudzikonza pambuyo pa kugwa. Phindu lake n'lakuti khodi yodzikonzera imayendetsedwa tsiku lililonse, choncho zolakwika zake zimaoneka msanga, kusiyana ndi khodi imene imadikira tsoka kuti iyesedwe koyamba. Malangizo a Twelve-Factor App, amene Adam Wiggins wa ku Heroku anafalitsa mu 2011, amanenanso kuti pulogalamu izitha kuphedwa nthawi iliyonse popanda kutaya kanthu. Iwowa ankaganiza za maseva zikwizikwi a ku America. N'zochititsa chidwi kuti yankho lawo likukwanira ndendende seva imodzi yokhala m'kachipinda ka pachipatala cha kumudzi.

Zotsutsa

Wina anganene kuti kulemba m'database pa pempho lililonse n'kolemetsa, ndipo sesheni ya m'memori inapangidwira kupewa zimenezo. M'zaka za m'ma 1990 mfundoyi inali ndi mphamvu. Lero seva wamba imalemba mizere yaing'ono mazanamazana pa sekondi popanda kutopa, ndipo pulogalamu ya ofesi ya boma kapena ya kopaletivu ya asodzi siiyandikira n'komwe malire amenewo. Mtengo weniweni uli pa netiweki: kutumiza bokosi lililonse palokha pa netiweki yofooka ya kutsidya kwa nyanja kumachedwetsa ntchito ndipo kumadya bandulo. Pamenepo wotsutsayo akunena zoona, koma yankho lake ndi kusunga m'foni kapena m'browser n'kutumiza pamodzi, monga imachitira DHIS2, osati kubwerera ku memori ya seva. Kutumiza mobwereza kumabweretsa ngozi ya mizere iwiri yofanana, ndipo imeneyi imathetsedwa popatsa cholembedwa chilichonse nambala yakeyake chisanachoke m'foni, kuti seva ikachiona kachiwiri ichizindikire.

Wina anganenenso kuti seva ikakhala m'nyumba za maseva za ku Lilongwe, Johannesburg kapena Frankfurt, kumene kuli majenereta, vuto la magetsi latha. Latha theka. Seva imakhala yoyaka, koma munthu wa ku Malindi akadali pa foni yake ndi netiweki yake, ndipo mbali imeneyo ndi imene imaduka kawirikawiri. Kuwonjezera apo, makampani osunga maseva amapha ndi kudzutsa makope a pulogalamu mwakufuna kwawo, posintha makina kapena pochepetsa mtengo usiku, kotero kuti pulogalamu ya kumeneko ikhoza kufa kawirikawiri kuposa ya pa seva ya pa ofesi.

Chotsutsa chovuta kwambiri chimachokera kwa ogwiritsa ntchito. Iwo amati: ngati sesheni yotha msanga ndi imene ikutisokoneza, italikitseni, ikhale tsiku lonse. Madandaulo awo ndi omveka, pakuti kulowa kasanu pa tsiku pa netiweki yochedwa n'kotopetsa. Koma m'maofesi ndi m'zipatala zathu kompyuta imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, ndipo pakhomo foni imodzi imadutsa m'manja ambiri. Sesheni yosiyidwa yotseguka pa pulogalamu ya kiliniki ya ma ARV ikutanthauza kuti wodutsa akhoza kuona dzina la mnansi wake, ndipo m'mudzi chinsinsi choterocho chikatuluka sichibwereranso. Lamulo loteteza deta la 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira, limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofunika chitetezo chapadera. OWASP, bungwe lolangiza za chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, limatchula mphindi 2 mpaka 5 zokhala chete pa mapulogalamu osunga zinthu zamtengo wapatali, ndi mphindi 15 mpaka 30 pa ena. Chimene chimapweteka anthu kwenikweni si kulowanso koma kupeza ntchito yawo itafufutika. Ntchito ikakhala yosungidwa kale, sesheni ikhoza kukhala yaifupi popanda wolira, ndipo chitetezo ndi mtendere wa wogwira ntchito zimaleka kulimbana. Pa chitetezo pomwepa, nthawi imene ikufuna chisamaliro chachikulu ndi yolowa: nambala ya sesheni iyenera kusinthidwa munthu akangotsimikizidwa, kuti amene anaidziwa kale asalowe nayo. Django imachita zimenezi yokha, PHP ili ndi session_regenerate_id, ndipo Java inawonjezera changeSessionId mu Servlet 3.1 ya 2013. Komanso seva iziyeza yokha pa pempho lililonse ngati nthawi yadutsa, osadikira wosesa.

Ena amati ma tokeni osainidwa monga JWT anathetsa nkhani yonseyi, popeza seva siisunganso sesheni. Anangoisuntha. Tokeni imakhala yovomerezeka mpaka nthawi yolembedwa mkati mwake, choncho wogwira ntchito akachotsedwa kapena foni ikabedwa, seva ilibe chofufuta pokhapokha itasunga mndandanda wa ma tokeni oletsedwa, umene uli sesheni yomweyo m'dzina lina.

Kodi ndiye kuti zochitika zomalizira zilibe ntchito? Zili nayo, yaing'ono koma yeniyeni. Pulogalamu ikamasinthidwa masana anthu ali pa ntchito, kutseka mwadongosolo kumalola mapempho amene ali pakati kuti amalizike, ndipo palibe amene amaona cholakwika. Kufufuta mafayilo osakhalitsa sesheni ikatha kumapepuza disiki. Batani lotulukira liyenera kufafaniza sesheni pa seva nthawi yomweyo, ndipo limeneli ndi lodalirika chifukwa limafika ngati pempho wamba. Muyeso wake ndi umodzi: ngati khodi yomalizira italephera kuyenda, chitayike ndi chiyani? Yankho likakhala malo pang'ono pa disiki kapena masekondi angapo podzuka, khodiyo ili pamalo ake. Likakhala ndalama, mbiri ya wodwala kapena ntchito ya munthu ya ola lathunthu, iyenera kusamutsidwa.

Ophunzitsa mapulogalamu ku MUBAS, ku UNIMA, ku MUST ndi ku Mzuzu University, komanso maofesi ndi mabungwe amene amagula mapulogalamu oti akagwire ntchito m'maboma ngati Mangochi, ali ndi njira yotsika mtengo yoyesera zonsezi. Musanalandire pulogalamu, uzani munthu adzaze fomu mpaka pakati, kenako zulani chingwe cha magetsi cha seva yoyeserera, muiyatsenso. Bwerezani pozimitsa deta pa foni atangodina batani lotumiza. Onani ngati zimene analemba zilipo, ngati palibe mbiri yotsala yokiyidwa, ndiponso ngati palibe chimene chalembedwa kawiri. Pulogalamu imene yalephera mayeso amenewa ibwezedwe kwa woilemba isanafike pa desiki ya namwino kapena ya kalaliki.